Tsitsi Lolukidwa Mbali Imodzi

Munthu wodula makiyi amafunika dzanja lokhazikika ndi mtima wogona. A Makiyi dzanja anapatsidwa, koma mtima wogonawo anamanidwa. Chilichonse chinkawadetsa nkhawa. Kasitomala akachedwa kudzatenga kiyi wake, ndiye kuti wagundidwa ndi galimoto. Akafulumira, ndiye kuti ndi mbava ikufuna kukatsekula nyumba ya eni. Akazi awo ankati munthu ameneyu ngakhale atakafika kumwamba, adzayamba wafunsa ngati geti amakhoma.

Kashopu kawo kanali ka malata, kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wojambula zithunzi za ziphaso, moyang'anana ndi khoti lakale. M'kati munali malo a munthu mmodzi basi: benchi, makina odulira makiyi, matupa, ndi thabwa la misomali pomwe pankalendewera makiyi osadula. Tiziduswa ta chitsulo tinkawalowa m'zikhadabo ndi m'matumba a malaya, moti kunyumba zovala zawo ankazichapa pazokha. Ntchitoyi anaiphunzira asanamere ndevu, analerera ana, n'kukalamba nayo. Dzina lakuti a Makiyi linawamatirira mpaka adzukulu ankayesa n'lobadwa nalo.

A Makiyi analembapo buku, ndipo zolembazo zinabwera ndi loko. Tsiku lina a kukhoti anataya kiyi wa chipinda chosungiramo mafayilo akale, n'kuwoloka msewu kudzawatenga. Lokoyo inali itadyedwa ndi dzimbiri, koma inagonja. Pokankha chitseko, mulu wa mafayilo unagumuka, imodzi n'kugwera pamapazi pawo chotseguka. Munthu wina akanangoitola n'kuibwezera. Iwo maso anagwera pa mzere umodzi wa umboni wa wapolisi: "Mwana wamkazi tinamupeza pakhonde, tsitsi lake litalukidwa mbali imodzi yokha." Kalaliki anawalanda fayiloyo mwaulemu ndithu, n'kuwauza kuti milandu yakale chonchi ikupita ku nyumba yosungiramo zakale, ndipo kumeneko aliyense amaloledwa kukaiwerenga.

Unali mlandu wa kalipentala wina amene anapha mkazi wake m'nyumba mwawo, m'mawa kutacha bwinobwino, nthawi imene a Makiyi anali akukwawabe. Anamuweruza, anamunyonga, anthu n'kuiwala. Koma mlandu suwola, ndipo uwu unakapeza malo m'mutu mwa munthu wodula makiyi. Akamadula kiyi, tsitsi lija. Akamadya, tsitsi lija. Analuka ndani? Nanga analekeranji pakati? Loweruka lililonse anayamba kutseka kashopu masana, kuvala jekete, n'kukakhala ku nyumba ya zakale ija, m'chipinda chowerengeramo chozizira, momwe munthu ukatsokomola onse amakucheukira. Ankakopera mawu a mboni mmodzimmodzi, lilime lili kunja ngati mwana wa sukulu.

Posachedwa anazindikira kuti mapepala a khoti ali ndi mabowo ambiri. Amakuuza kuti munthu analowa m'nyumba, koma sakuuza zimene ankaganiza polowapo. Amakuuza kuti neba anamva kukuwa, koma sakuuza kuti nebayo anali atagwira chiyani m'manja. Kuti nkhani ikhale buku, mabowowo ayenera kutsekedwa, ndipo wotseka wake ndi wolemba. Apa ndi pomwe nkhawa ya a Makiyi inabala nzeru. Anagula zolembera ziwiri. Chakuda chinali cha khoti: mawu aliwonse amene anawaona ndi maso awo m'fayilo. Chofiira chinali chawo: zonse zopeka. Lamuloli sanaliphwanyepo. Ngakhale pakati pa chiganizo ankaika china pansi n'kutola chinzake.

Zofiirazo ankazitola pakhomo pomwepo, mosapempha. Woweruza wa m'bukumo ankatsokomola ngati wokonza mafoni uja. Neba wa m'bukumo ankayenda motsimphina ngati mlamu wawo. Akazi awo atawerenga mutu wina anaupeza mtsuko wawo wa maluwa uli m'nyumba ya wakupha.

"Inu bambo inu, mtsuko wangawu walakwanji kuti ukachitire umboni?"

"Ndi wofiira umenewo, mayi. Aliyense akuona kuti ndi wofiira."

"Ndiye mundibwezere ukatha mlandu."

Bowo lalikulu linali tsitsi lija. M'fayilo yonse palibe amene anafunsa za ilo, ndipo mwanayo sanaitanidwe kukhoti poti anali wamng'ono. A Makiyi analimbana nalo nyengo yonse ya mvula. Kenako, akudula kiyi wa munthu wina, yankho linangowatulukira lokha: analuka ndi kalipentalayo. Munthu wa manja aluso, wozolowera zinthu zosalala, wakhazika mwana wake pakati pa miyendo pakhonde, akumuluka pang'onopang'ono, akumufunsa ngati akumva kuwawa. Kenako mkazi wake akulankhula mawu ena m'nyumba, iye n'kuika chipeso pansi n'kulowa. Kuti alembe zoona za zala, anapempha akazi awo kuti awaphunzitse kuluka, ndipo anaphunzirira pa mopu watsopano, adzukulu akugubuduka ndi phwete. Mutu umenewo unatuluka wofiira wokhawokha, kupatula mzere umodzi wa wapolisi uja. Atauwerenga mokweza, akazi awo sanaseke. Anapita kukhitchini kukapukuta maso. A Makiyi anadziwa kuti chinthu chabwino chonchi sanapangepo, ndipo sadzapanganso.

Buku litatha, mwana wawo wamkazi analitenga kukalitayipa pa kompyuta ya kuntchito kwake. Linabwerako lolemera, laukhondo, lonunkhira makina. A Makiyi anatsekula tsamba loyamba, lachiwiri, lapakati, n'kutembenukira kwa mwana wawoyo.

"Nanga zofiira zija zili kuti?"

"Adadi, munaonapo buku la mitundu iwiri? Mabuku onse ndi akuda."

Zinali zoona. Anayang'ana mabuku onse a pa shelefu, ngakhale la nyimbo, onse akuda. Anadandaula tsiku limodzi lathunthu, kenako anazisiya, chifukwa panabwera nkhawa ina yaikulu kuposa imeneyo.

Mkonzi wa kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku, mayi wachitsikana wolankhula mothamanga, analikonda bukulo. Anati mutu woluka tsitsi ndiwo msana wake, ndipo popanda umenewo likanangokhala lipoti la apolisi. A Makiyi anatsala pang'ono kuvina pa ofesi ya eni. Ndiye mkonziyo anafunsa funso limene iwo pa zaka zonsezi sanadzifunsepo.

"Mwana ameneyu ali moyo?"

"Mwana wake uti?"

"Wa tsitsiyu, bambo. Ngati alipo, awerenge kaye. Akavomera, tisindikiza. Akakana, basi, sitingachitire mwina. Sitikufuna kukakumana naye m'khoti lomwe mukulilembali."

Kunena zoona, a Makiyi mwanayo ankamuona ngati wawo, wokhala pakhonde la m'bukumo, wosakula. Zoti angakhale munthu wa imvi, wokhala ndi geti lake, wotha kunena kuti ayi, sizinawabwererepo. Anayamba kupemphera pemphero loipa lakuti asapezeke. Koma akazi awo anangofunsa mnzawo, mnzawoyo n'kufunsa mchemwali wake, ndipo sabata isanathe anabwera ndi yankho. Alipo. Anali nesi, anapuma pantchito, amakhala mbali ina ya mzinda womwewo, ali ndi ana ndi adzukulu. Akazi awo omwewo ndi amene anakasiya bukulo, chifukwa a Makiyi anafika pa siteji ya basi n'kubwerera, ati m'mimba mwavuta.

Masiku odikira aja munthu anaonda tikuona. Foni ikalira ankadzidzimuka mpaka kugwetsa tupa. Anadula kiyi wa kasitomala mokhota, chinthu chimene sanachitepo chiyambire, ndipo mwini wake anabwerera akutukwana atagona panja. Chimene chinkawadya chinali mutu wa kuphedwa kuja. Munthu angawerenge bwanji za imfa ya mayi ake, yolembedwa ndi mlendo wodula makiyi? Akagona ankawerenga mutuwo m'mutu, akuchotsa mawu awa, akufewetsa awo. Chimodzi chokha chinkawatonthoza. Ankadziuza kuti mayiyo akafika pa mutu woluka tsitsi mtima wake udzatsika, chifukwa pamenepo anamupatsa bambo wachikondi, ngakhale wa m'mawa umodzi.

Foni inabwera pakati pa sabata, makina akulira. Mawu a mayi wachikulire, osathamanga. "Ndinu a Makiyi? Ndawerenga. Bwerani mawa chakumasana." Foni inaduka.

Nyumba ya a Nesi inali yaing'ono, yosesedwa mpaka kuseri, maluwa ali m'zitini pakhonde. Pabalaza panali mipando yoyalidwa nsalu zoyera ndi zithunzi za adzukulu khoma lonse. Bukulo linali patebulo, pafupi ndi magalasi. Mwini nyumba anali wamtali, wowongoka, wa imvi zometedwa mwachidule. Anawalonjera bwinobwino, anafunsa za kunyumba, anathira tiyi. A Makiyi analandira kapu ndi manja awiri.

"Mayi, mutu uja wa... wa tsoka lija, ngati wakupwetekani, ndikhoza kuuchepetsa. Ndikhoza ngakhale..."

"Umenewo usiyeni. Mwalemba bwino. Mwachepetsa kale, koma palibe kanthu." A Nesi anavala magalasi, anatsekula pomwe anapinda tsamba, n'kutembenuzira bukulo kwa mlendo wawo. "Izi zoluka tsitsizi anakuuzani ndani?"

"Palibe, mayi. Zimenezo ndi zofiira."

"Zofiira?"

Anafotokoza za zolembera ziwiri zija, mawu akupunthwa okhaokha. Anati kunyumba kuli makope onse, aliyense akhoza kudzaona, sanasakanizepo n'kamodzi komwe. Mutu umenewo ndi wopeka kuyambira pamwamba mpaka pansi, kupatula mzere umodzi. A Nesi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyang'ananso tsamba lija.

"Kwanu n'zofiira. Kuno zafika zakuda, chimodzimodzi mawu a woweruza."

A Makiyi anaika kapu patebulo.

"Mdzukulu wanga wamkulu anabwera kudzandiona," anapitiriza motero a Nesi. "Analipeza patebulo pano, ndipo ana a masiku ano sapempha. Ndinamupeza akulira. Akuti, agogo, kani bambo anu ankakukondani chonchi? Akuti bwanji simunatiuze kuti anali ndi mbali yabwino? Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuwauza ana anga kuti munthu uja anali wotani. Inu mwabwera ndi cholembera chanu, ndipo mwana wakhulupirira inu, poti zanu n'zotayipa."

"Pepani, mayi. Ndimayesa ndikukuchitirani zabwino."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakuthirirani tiyi." Anavula magalasi. "Bambo anga sanandigwirepo m'mutu, kupatula ndi khofi. Manja aluso anali nawo, inde, koma a matabwa. Mutu umenewu muuchotse."

Ndiye kuti msana wa buku wathyoka. A Makiyi anafuna kunena kuti asintha pang'ono, kuti alemba patsogolo pa buku kuti zina n'zopeka, koma nkhope imene inali patsogolo pawo siinali yokambirana nayo mtengo. Anangogwedeza mutu. Ndipo poti chizolowezi ndi matenda, pakamwa pawo panatuluka funso lomwe lija la zaka zonse.

"Nanga analuka ndani, mayi?"

A Nesi anatseka bukulo. Panja wina ankakhoma msomali, kenako analeka.

"Amayi anathawa m'bandakucha, anakabisala kwa aneba. Sikanali koyamba. Ine ndinatsala. Bambo anadzuka, anasamba, anavala zakuntchito, n'kundiitana ndi mawu abwino, mawu amene sindinawamvepo. Akuti, pita ukawauze amayi ako kuti ndapita kuntchito, abwere adzakuphikire. Ndinasangalala kuti andituma. Ndinathamanga. Amayi anandiyang'ana, n'kundifunsa kuti, wawaona akutuluka? Ndinati eya. Sindinawaone, koma ndinkafuna uthenga wanga ugwire ntchito. Iwo mtima sunawalole. Anandikhazika pansi, anabwereka chipeso kwa aneba, n'kuyamba kundiluka, kuti nthawi ipiteko. Ine ndikungovuta. Tiyeni, amayi, njala. Tiyeni, apita kale. Ndikuwakoka nsalu. Atamaliza mbali imodzi anati, chabwino, inayi tikamalizira kunyumba."

Sanalire. Ankalankhula ngati akupereka lipoti la wodwala kwa dokotala.

"Munali mwana, mayi."

"Ndakhala ndikudziuza zimenezo kuyambira ndili mtsikana. M'mutu zimamveka." Anasuntha kapu yawo pang'ono. "Aneba aja kukhoti anangonena kuti amayi anabwerera okha. Anandibisa, ndipo anapita nazo kumanda. Malemu amuna anga sindinawauze. Ana anga amadziwa kuti agogo awo anaphedwa. Sadziwa amene anakawaitana."

"Nanga ine mwandiuziranji?"

"Chifukwa ndinu nokha munafunsapo za tsitsi langa. Apolisi analiona, sanafunse. Woweruza anamva, sanafunse. Inu munafunsa, kungoti munadziyankha nokha."

Tsono apa ndinene zoona, ngakhale zili zochititsa manyazi. Chisoni a Makiyi anali nacho, chenicheni. Koma pansi pa chisonicho chinthu china chinali chitadzuka kale n'kuyamba kugwira ntchito. Chinkaona kamtsikana kakuthamanga ndi uthenga, chipeso chobwereka, dzanja laling'ono likukoka nsalu. Chinkasankha kale mawu oyambira. Mutu wawo wa pakhonde uja, umene ankaunyadira, tsopano unkaoneka ngati chidole. Buku lenileni linali ili, ndipo analimva lonse lathunthu, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, momwe liyenera kukhalira. Wolemba ndi munthu woopsa kumuthirira tiyi.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "zimenezi... ndingalembe?"

A Nesi anawayang'ana ngati munthu amene funsolo amaliyembekezera.

"Lembani. Ndikufuna zilembedwe, n'chifukwa chake ndazitulutsa. Koma zisatuluke ine ndili moyo. Sindingathe kukhala pampando uno ana anga akundiyang'ana atadziwa. Ndikadzapita, sindikizani, adzawerenge, adzandikhululukire ndili kutali. Mukafuna kutulutsa lero, tulutsani, sindikukanizani, koma popanda bodza lanu lija komanso popanda zangazi. Pakhale bowo."

Pakhale bowo. Mkonzi ananena kale kuti popanda mutu umenewo ndi lipoti la apolisi. Ndipo ngakhale mkonziyo akanalola, a Makiyi akanaika bwanji dzina lawo pa buku lobowoka pamtima, akudziwa chimene chiyenera kukhalapo? Analonjeza. Analonjeza kawiri, dzanja lili pachifuwa, ndipo aliyense amene anawasungitsapo kiyi wa nyumba yake akudziwa kuti munthu ameneyu lonjezo saphwanya. Vuto lake linali lomwelo.

A Nesi anawapatsa bukulo m'jumbo n'kunena kuti awaperekeza mpaka pa geti. Pakhonde panali ndowa yodzaza madzi othirira maluwa, ili panjira. Mayiyo anainyamula ndi dzanja limodzi, osapumira, n'kuiika pambali. Anatsika masitepe osagwira khoma. A Makiyi ankabwera pambuyo, jumbo ili kukhwapa, bondo likulira, mpweya ukuperewera, mapilitsi a bipi akugogoda m'thumba la jekete. Anayang'ana msana wowongoka uja, mayendedwe a munthu amene anazolowera kuzungulira mawodi tsiku lonse. Mayiyu anali wamkulu kwa iwo, koma pang'ono pokha. Sanafune kuganiza zimene ankaganizazo. Anayesa kuyang'ana maluwa, anayesa kuyang'ana loko ya pa geti, yomwe inali yotchipa ndipo inkafunika mafuta. Koma pamene ankatsanzika, anangomva pakamwa pawo patatseguka pokha.

"Koma m'thupi muli bwino, mayi? Shuga, bipi, mulibe?"

Mawuwo atangotuluka anafuna nthaka iwameze. A Nesi anaima dzanja lili pa geti. Anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku imvi, mmene nesi amayang'anira wodwala amene wangolowa kumene, ndipo pankhope pawo panalibe mkwiyo. Panali chifundo, chimene chinawawa kuposa mkwiyo.

"Ndilibe kalikonse, bambo," anatero. "Pepani."